Masilinda Awiri Ogona

Moyo wanga wonse ndayendetsa magalimoto a eni. Ndinayamba ndi lole yonyamula makatoni a sopo, kenako kampani inaona kuti phazi langa ndi lofewa n'kundisamutsira kwa mabwana. Kumeneko ndiye ndinakalambira, tayi pakhosi, maso kutsogolo, pakamwa potseka. Anzanga a kugalaja ankanditcha Phazi la Mphaka, chifukwa bwana ankatha kumwa tiyi kumbuyo ine ndikukhota pamphambano, tiyi osatayika ngakhale kadontho. Nditapuma ntchito ndinatenga ndalama za penshoni n'kugula galimoto yangayanga, saluni yatsopano yotuwa, mipando ikadali m'mapepala. Anthu anati ndapenga. Mng'ono wanga anachita kukwera basi kudzandiuza nyumba za lendi zimene ndikadamanga, ngati ndinamufunsa.

Chimene sindinamuuze n'chakuti galimotoyo ndinaigulira ulendo umodzi wokha, wokatenga mayi a kunyumba.

Mkazi wanga anapita kwa mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino m'tauni ina, kukathandiza atabereka mwana wachiwiri. Ananyamula kachikwama kamodzi, nati abwera mwanayo akangolimba khosi. Khosi linalimba, mwana anakwawa, anayenda, pano akuti amatha kulalatira galu wa aneba. Mayi osabwera. Sitinakangane, ayi. Pafoni timalonjerana bwinobwino. Afunsa za nkhuku zawo, ine ndiyankha. Afunsa ngati ndikumwa mankhwala, ndiyankha. Kenako tonse zii, mpaka mmodzi anene kuti mayunitsi akutha. Kuti ndinene kuti bwerani, pakamwa pankalemera. Munthu wa imvi kumapempha mkazi wake pafoni ngati mwana wa sukulu? Ndinati ndikakaima pageti pawo ndi galimoto, nkhani ikadziyankhula yokha.

Amene anandigulitsa galimotoyo anali bambo wa suti yothina, woyankhula ngati wailesi. Anandikhazika pachiwongolero n'kuyamba kundiphunzitsa kuyendetsa. Ine! Kiyi simubayira, madala, mumangosunga m'thumba n'kudina apa. Pobwerera m'mbuyo musavutitse khosi, onani pa kasikilini aka. Mpandowu umafunda kukazizira. Ndinkangoti eya, eya, mumtima ndikuti iwe pamene unkaphunzira kumanga zingwe za nsapato ine ndinali nditatha kale matayala osawerengeka.

"Koma chachikulu ndi ichi, madala," anatero akuloza kuboneti. "Injini iyi ili ndi masilinda anayi. Mukakhala pamsewu wosalala, mukuyenda mofatsa osaponda kwambiri, yokha imagoneka awiri. Amasiya kumwa petulo. Mukangoponda kuti mupitirire lole, kapena mwafika pachikweza, amadzuka nthawi yomweyo."

"Achimwene," ndinatero, "m'masiku athu galimoto ikamayendera masilinda awiri tinkati yadwala. Inkanjenjemera ngati ya malungo, ndipo tinkaitana makanika."

Anaseka mpaka kugwira tayi. "Iyi simungaimve, madala. Mudzangoona kanyali kobiriwira kayaka apa, basi."

Ndinamulola aseke. Ndinati khutu limene lamvera mainjini kuyambira iye asanabadwe silinganamizidwe ndi kanyali.

Koma munthuyo sananame, ndipo zinandipweteka pang'ono. Tsiku lotsatira ndinaitengera kumsewu wa kuseri kwa mafakitale, kumene kuli thyathyathya mtunda wautali ndithu. Ndinazimitsa wailesi, ndinatseka mawindo, ndinasiya phazi pamalo amodzi. Kanyali kanayaka. Ndinadikira kuti igwedezeke, ikhosomole, ichite kanthu. Ayi ndithu, inangopitirira kuyenda phee. Nditatchera khutu kwambiri m'pamene ndinamva kamkokomo kakuya, kamene kamafika kudzera mumpando osati m'makutu. Munthu wina sakadakamva. Ndinaponda pang'ono, kanyali kanazima, galimoto n'kudzitambasula popanda kundikankha msana. Ndinasiya, kanayakanso. Ndinabwerezabwereza mpaka mlonda wa fakitale ina anayamba kundiyang'ana ngati wakuba wofufuza malo.

Kuyambira pamenepo anasanduka masewera anga. Ndinkafuna kuona kuti kanyaliko ndingakasunge koyaka mpaka pati. Munthu wa phazi lolemera, woponda n'kusiya, woponda n'kusiya, sangakaone kawirikawiri. Kamafuna munthu woona patali, wodziwa kuti maloboti akutsogolo asintha, wosiyira minibasi misala yake. Galimoto imeneyi anaipangira phazi langa. Singano ya mafuta inkachita ulesi kutsika moti ndinayamba kukayikira kuti yafa.

Zina sindinazikonde, ndipo sindibisa. Ukayandikira mzere wa pamsewu chiwongolero chimakukoka chokha, ngati mlamu wodziwa zonse. Ukaima pamaloboti injini imadzizimitsa, mtima n'kuti phaa, kuganiza kuti yandichititsa manyazi pagulu, kenako ukasiya buleki yadzuka. Ndipo imalira pa chilichonse. Chitseko, pi-pi-pi. Njinga yadutsa, pi-pi-pi. Ine amene ndinkalowetsa galimoto ya bwana chafutambuyo pakati pa zipilala ziwiri ndi diso limodzi, lero ndizichenjezedwa za mtengo wa papaya wa pakhomo panga?

Ulendo wokatenga mayi ndinauimika kaye. Injini yatsopano sumayamba nayo ulendo wautali, imafuna kuizoloweza pang'onopang'ono. Zimenezi n'zoona, funsani makanika aliyense. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkaitsuka, ngakhale fumbi linalibe mpata wokhalapo, n'kuzungulira nayo tauni popanda kopita. Masana ndinkaiimika pamthunzi pakhomo n'kukhalabe momwemo, mpando nditaugoneka pang'ono. Nyumba yopanda munthu ili ndi phokoso lakelake. Firiji, wotchi ya pakhoma, mpopi wa kubafa umene umadontha. M'galimoto munali bwinoko, chifukwa kukhala wekha m'galimoto ndi ntchito imene ndinaizolowera.

Tsiku lina ndinakagula thumba la chakudya cha nkhuku. M'buti ndinali nditayala kapeti yatsopano, ndiye ndinaliika pampando wakutsogolo nditayalapo nyuzipepala. Nditangonyamuka galimoto inayamba kulira. Ndinayang'ana zitseko, ndinayang'ana handibuleki, zonse bwino. Kenako ndinaona pa sikilini kachithunzi ka munthu wosamanga lamba. Inamva kulemera pampando n'kuganiza kuti ndanyamula munthu. Ndinaima pambali, ndinalimanga lamba thumbalo, galimoto n'kukhala chete. Ndinaseka ndekha. Koma nditafika pakhomo sindinafulumire kulimasula, ndipo pamenepo sindinasekenso.

Patapita masabata angapo foni inalira, nambala yachilendo. Anali mayi wina wa kushopu kumene ndinagula galimoto, akuti amafunsa eni magalimoto atsopano mmene akuonera.

Anaputa olakwika. Ndinamuuza za kamkokomo ka mumpando. Ndinamuuza kuti masilinda awiriwo sagona injini ikakhala yozizira, amadikira itenthe kaye, ndiponso kuti mphepo ikamaomba kutsogolo kanyali kamavuta kuyaka. Ndinamuuza kuti mabuleki ndi aukali pang'ono koyambirira, koma chiwongolero n'chopepuka bwino m'tauni n'kumalimba ukathamanga, zimene n'zanzeru. Ndinadandaula za kulira kwake. Ndinatamanda magetsi amene amadzitsitsa okha galimoto ina ikamabwera. Ankangoti chabwino bambo, ndalemba bambo. Ndinkamva kuti akufuna kudula, koma ndinali ndisanayankhule ndi munthu nthawi yaitali chotero kuyambira tsiku limene mng'ono wanga anabwera kudzandinyoza.

"Funso lomaliza, bambo," anatero atapeza kampata. "A kunyumba akuti bwanji? Mipando akuimva bwino?"

"Sanakwerebe."

"Aa, ndiye muwakweze, bambo. Imeneyo ndi galimoto ya banja."

Atadula ndinakatulutsa malaya oyera n'kuwasita, ndinathirira nkhuku madzi okwanira, ndinapempha aneba kuti aziziponyera diso.

Ndinafika kwa ana dzuwa lisanafike pamutu. Amakhala mumzere wa nyumba zofanana, iliyonse ndi kageti kake ndi chingwe cha zovala. Ndisanazimitse injini ndinamva kuseka. Ndinakuzindikira, koma kunali ngati nyimbo imene unaimva kalekale. Mayi anali pakhonde ndi amayi awiri oyandikana nawo, akuluka tsitsi mdzukulu wathu wamkulu, chipeso chili pakamwa, akuseka mpaka mapewa kugwedezeka. Ananenepa pang'ono. Ataona kuti wotsika m'galimotoyo ndine, anachotsa chipeso pakamwa n'kuimirira.

"Mwafika, bambo?"

"Ndafika, mayi."

Anaiyang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Ndi imeneyi yadya penshoni?"

"Ndi imeneyi."

"Yakhuta ndithu, ikuchita kunyezimira."

Amayi aja anaseka, inenso ndinaonetsa mano. Mkamwini wanga, amene amakonza mafiriji, anatuluka n'kuizungulira akuimba mluzu, n'kupempha kuti nditsegule boneti. Mwana wanga anatuluka ali ndi maso a tulo chifukwa anachokera kuntchito m'mawa womwewo. Anandikumbatira, anandiuza kuti ndaonda, n'kundilowetsa m'nyumba. Anandipatsa tiyi. Kamdzukulu kakang'ono kanandiyang'ana ndwii kali kuseri kwa siketi ya agogo ake, osandidziwa. Ndinakhala pasofa pakati pa zidole ndi zovala zosapinda, anthu akuyankhula onse nthawi imodzi, wina akufuna sokosi, wina akufuna supuni, ndipo aliyense akafuna chinthu ankafunsa mayi. Nkhani yanga inalibe polowera.

Mpata anandipatsa ndi mwana wanga. "Ababa, magalasi a amayi anatuluka kwa dokotala wa maso. Ndimati ndiwaperekeze pa minibasi, koma ndatopa. Apititseni ndinu, aione galimotoyo."

Mayi analowa kuchipinda, anatuluka atasintha bulauzi, kachikwama kali m'manja. Tonse tinatuluka, ndipo amayi oyandikana aja anaima pampanda kuonerera. Ndinatsogola, ndinakonza kolala, ndinagwira chitseko n'kuchitsegula, ndinaima pambali pake njo.



"Ababa," anatero mwana wanga motsitsa mawu, "amayi kumbuyo?"

Ndinayang'ana dzanja langa. Linali pachitseko cha kumbuyo. Muyenera kumvetsa, lamulo la kampani linali lakuti wachibale asakwere galimoto ya ntchito, ndipo ine ndinalisunga mpaka tsiku lomaliza. Ndinanyamula akazi a mabwana kupita nawo kosalala tsitsi, kuchipatala, kumaukwati. Wanga ndinali ndisanamuyendetsepo. Dzanja langa linkadziwa chitseko chimodzi chotsegulira mzimayi wolemekezeka, ndipo linapita komweko. Ndinafuna kutseka kuti nditsegule chakutsogolo, koma mayi anali atawerama kale.

"Asiyeni," anatero akulowa. "Ndi mmene amanyamulira anthu."

Ananena moseka, anthu n'kuseka nawo. Ndinatseka chitseko, ndinazungulira, ndinakhala pamalo panga. Ndinakonza galasi loonera kumbuyo. Anali atakhala pakati pa mpando wonsewo, kachikwama pamiyendo, akusisita nsalu ya mpando ndi chikhatho.

Mawu ndinali nditawakonza njira yonse. Koma pantchito yathu pali mwambo umene umalowa m'mafupa, wakuti woyendetsa sayamba nkhani ndi munthu wakumbuyo. Umadikira akuyambe. Tinadutsa msika, tinadutsa sukulu, ine ndikudikira.

"Siimveka n'komwe," anatero pomaliza. "Yalira?"

Pamenepo ndinamasuka. Ndinawauza kuti asuzumire pakati pa mipando aone kanyali kobiriwira. Ndinawafotokozera za masilinda anayi, kuti pakali pano tikuyendera awiri okha. Anafunsa kuti enawo apita kuti.

"Alipo, mayi. Akuyendabe limodzi ndi anzawo, kukwera ndi kutsika, koma sakupatsidwa petulo kapena moto. Amangotsatira. Dikirani muone pachikweza apo."

Titayamba kukwera ndinaponda pang'ono, kanyali kanazima. "Mwaona? Adzuka onse. Mwamva kugwedezeka?"

"Sindinamve."

"Ndi pamenepo pali luso. Wokwera sayenera kudziwa."

Ndinapitiriza. Ndinawauza za mafuta, za chiwongolero chokoka chokha, za mpando wofunda. Ndinawayatsira mphepo yozizira ya kumbuyo. Ankagwedeza mutu, nthawi zina akuyang'ana panja. Ndinaona m'galasi kuti akuyang'ana kumbuyo kwa khosi langa, ndipo ndinakumbuka kuti sindinamete.

Kwa dokotala wa maso ndinaima pakhomo penipeni, ndinawatsegulira, analowa. Ine ndinakasaka mthunzi, ndinaimika galimoto, ndinatulutsa kansalu n'kuyamba kupukuta fumbi la pamsewu. Anakhalitsa ndithu. Atatuluka anali atavala magalasi a felemu yofiirira, ndipo anaima pakhonde akundifunafuna. Ndinafika nayo pamapazi pawo asanakweze dzanja.

"Ndimayesa mulowa," anatero atakhala. "Ndimafuna wina andithandize kuona ngati magalasiwa akundikhala. Mtsikana wa pakauntala anafunsa kuti mwabwera nokha, agogo? Ndinati ayi, a dalaivala ali panja."

"Akukukhalani," ndinatero ndikuyang'ana m'galasi.

"Zikomo."

Pobwerera pali mphambano yaikulu. Kumanzere ndi kwa ana, kutsogolo ndi msewu waukulu wopita kwathu. Sindinganene kuti ndinaganiza. Ndinangoona kuti ali m'galimoto, lamba amanga, mafuta alimo okwanira, dzuwa likadalipo. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Sindinayatse indiketa.

Anadikira mpaka nyumba zinayamba kuchepa.

"Mwaphonya, bambo. Kwa ana n'kumanzere kuja."

"Ine sindiphonya njira."

"Ndiye mukundipititsa kuti?"

"Kunyumba."

Msewu unali wosalala, galimoto inkangoyandama. Sindinayang'ane m'galasi.

"Kunyumba," anabwereza. "Mankhwala anga ali pamwamba pa firiji kwa ana. Mwana ndamusiya mutu ndaluka mbali imodzi. Mukundiba ngati mbuzi?"

"Katundu ndidzabwera kudzatenga. Buti ndi yaikulu."

"Buti ndi yaikulu. Imani pambali, bambo."

Ndinaima pafupi ndi pogulitsira njerwa. Injini inadzizimitsa yokha, monga mwa khalidwe lake, ndipo m'galimoto munati zii moti ndinkamva kupuma kwawo. Tsiku limenelo ndinalakalaka ikadakhala galimoto yakale yaphokoso.

"Ine sindinathawe," anayamba. "Simunandimenyepo, simunandigonekepo ndi njala. Zimenezo ndidzanena ngakhale pamaliro panu. Koma ndatopa n'kuona msana wanu. Muli pantchito ndinkati ntchito ndi imene yawalanda pakamwa, akadzapuma tidzacheza. Tsiku lija munandidutsa pasiteji mvula ikugwa, mwana ali kumbuyo, inu n'kungondiphethirira magetsi, ndinati ndi lamulo."

"Linali lamulo."

"Ndikudziwa. Ndiye munapuma. Munatenga mpando n'kukakhala pakhonde kuyang'ana geti, ngati pali bwana amene atuluke. Ndikayankhula, eya. Ndikafunsa, mmene mwaoneramo. Lero ndi koyamba kukumvani mukuyankhula mawu ambiri chonchi, ndipo onse ndi a injini."

Lole inadutsa, galimoto n'kugwedezeka pang'ono ndi mphepo yake.

"Kwa anaku kusanache ndimakhala nditamva kale agogo, agogo, mpaka mutu kuwawa. Amanditopetsa, msana umandipweteka. Koma ndikamagona ndimadziwa kuti lero ndinalipo. Masilinda awiri aja mumati amangoyenda nawo osapatsidwa moto aja, ine ndawamvera chisoni. Musandibwezere kumeneko."

Mayankho ndinali nawo, ndipo anali abwino. Kuti pakamwa potseka pomwepo ndi pamene panaphunzitsa mwana mpaka unamwino. Kuti anzanga olongolola anachotsedwa ntchito mmodzimmodzi ine ndikuona. Kuti munthu sasintha kayendetsedwe atakalamba. Ndinali ndikusankha loyambira.

"Tembenuzani galimoto, bambo."

Mawu ochokera kumpando wakumbuyo sindinawakanepo chibadwire. Ndinayang'ana mbali zonse, ndinayatsa indiketa, ndinatembenuza bwinobwino popanda tayala kugunda m'mphepete. Ndinayendetsa mofatsa kuposa kale lonse, kuti msewu utalike, koma tauniyo ndi yaing'ono.

Titaima pageti anamasula lamba, anatenga kachikwama, anakoka chogwirira. Chitseko sichinatseguke. Anakokanso.

"Chitseko chanu chakana."

Ndinakumbuka. M'mphepete mwa zitseko zakumbuyo muli kabatani koletsa ana kutsegula ali mkati. Ndinakatseka tsiku limene ndinagula galimoto, poganizira adzukulu. Kwa dokotala kuja sanadziwe chifukwa ndinawatsegulira asanagwire. Ndinawafotokozera zimenezo.

"Ndiye tsegulani."

Manja anga anali pachiwongolero. Ndinazindikira kuti sangatuluke pokhapokha ine nditatsika, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinakhala kaye. Pakhonde panalibe munthu. Ndinakweza maso n'kupeza maso awo m'galasi, aakulu chifukwa cha magalasi atsopanowo.

"Nyumba ija ndikuiopa, mayi," ndinatero. "Ndimadya choimirira. Masana ndimakhala muno, chifukwa m'nyumba mumangomveka wotchi. Ndasungulumwa. Galimotoyi sindinaigulire ine."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, anawavalanso.

"Ndamva, bambo. Ndamva ndithu. Koma mawu amenewo musauze galasi, ndiponso musandiuze nditatsekeredwa. Tsegulani, mundiuze ndili panja, tikuonana nkhope."

Ndinatsika. Ndinazungulira kumbuyo kwa galimoto, ndinatsegula chitseko, ndinaika dzanja m'mphepete mwa denga kuti asagunde mutu. Anatuluka n'kuima patsogolo panga, pafupi kwambiri, moti ndinamva fungo la sopo amene akhala akusambira kuyambira kale. Sanasunthe. Ankadikira, kachikwama atakagwira ndi manja awiri. Ndinaona kuti imvi zawonjezeka pamwamba pa makutu, ndiponso kuti pamphuno magalasi ayamba kale kudinda kamzere.

Ndinatsegula pakamwa. Popanda galasi pakati pathu sindinadziwe poyang'ana. Ndinadzipeza nditawongoka, mapazi pamodzi, manja kumbuyo. M'nyumba mdzukulu anakuwa kuti agogo abwera, agogo abwera, ndipo ndinamva timapazi tikuthamangira kuchitseko. Nthawi inali kutha. Ndinafunafuna mawu aja, ndipo amene anatuluka ndi amene lilime langa lanena kambirimbiri nditaima chomwechi pambali pa chitseko chotsegula.

"Ndidzakutengeni liti, mayi?"

Anandiyang'ana. Sanakwiye. Zikadakhala bwino akadakwiya. Anatambasula dzanja, anandikonza kolala imene inali yokonzeka kale, n'kundisisita paphewa kawiri.

"Ndidzakuimbirani," anatero.

Mdzukulu anafika n'kuwakoka dzanja, mutu mbali imodzi yoluka, ina ili nyankhalala. Analowa pageti akumufunsa ngati magalasi akuwakhala. Mwana wanga anatuluka kundikakamiza kuti ndigone, ndinati nkhuku. Mkamwini anati ndidye kaye, ndinati msewu ndi wautali.

Yankho limene anandipatsa ndimalidziwa bwino, ndalimva kwa mabwana ambiri. Munthu akakuuza choncho sufunsanso kachiwiri. Umaonetsetsa kuti foni ili ndi moto, galimoto ndi yotsuka, mafuta alimo, ndipo supita kutali. Ndi zimene ndikuchita.